Mafuta a M'botolo Lopanda Dzina

Ku Kasina mwezi wa Juni ukalowa, kudzola mafuta si nkhani ya kutchena ayi. Mphepo yochokera kumapiri a Chongoni ndi Dedza imawomba usiku wonse, m'mawa madzi a pamjigo amaluma zala, ndipo khungu limayamba kulira. Miyendo ya ana a sukulu imatuwa mbuu, milomo imathetheka, zidendene za amayi othirira kabichi ndi mbatata ya kachewere kumadimba zimachita ming'alu mpaka kutuluka magazi. Aliyense amasaka chodzola. Wina amagula Vaseline pagolosale, wina gilisalini n'kusungunula ndi madzi, wina amangotapa mafuta ophikira pachala n'kupaka mwana kumaso. Zaka zino kwabweranso mtundu wina: timabotolo ta mafuta a zitsamba, togulitsidwa pamsika pa Linthipe, m'maminibasi opita ku Lilongwe ndi pa WhatsApp. Muli a nimu, a chammwamba, a malambe, a bulugamu, a nsatsi, ndi ena amene mwini wake amangoti ngosakaniza mitengo isanu ndi iwiri. Ukafunsa ngati savuta pakhungu, yankho n'limodzimodzi kulikonse: "Zachilengedwe izi, mayi. Mulibe kemikolo."

Yankho limeneli limandidabwitsa likamatuluka pakamwa pa munthu wokulira kumudzi. Tonsefe tinaphunzira tili ana kuti tchire silisekerera munthu. Ndani sanadzikandepo mpaka misozi atakhudza chitedze? Ndani sanakalipiridwepo poseweretsa utomoni wa nkhadze, akuluakulu akuopa kuti ulowa m'maso? Chomera chimadzipangira mankhwala odzitetezera ku mbozi, ku chiswe ndi ku mbuzi, ndipo mankhwalawo satha ukali chifukwa choti amera m'nthaka. Mafuta onunkhira a bulugamu kapena a makoko a ndimu ndi ukali wa mulu wa masamba ndi makoko wokamidwa n'kutsala timadontho tochepa chabe. Amaposa mphamvu chomera chimene achokerako.

Komabe chitedze ndi nkhadze sizibisa khalidwe. Zimaluma aliyense, nthawi yomweyo, ndipo palibe amapita kukaombeza kuti chamuluma n'chiyani. Madokotala a khungu amaziika m'gulu lakelake, la zinthu zopsereza khungu mwachindunji. Adyo wosinja amene ena amamangirira pa chipere usiku wonse ali m'gulu lomweli, ndipo m'mawa amasiya matuza ndi bala. Zotere ukachepetsa mlingo kapena ukatsuka msanga, vuto limachepanso. Gulu lachiwiri ndilo lachinyengo, ndipo ndilo landikhazika pansi kuti ndilembe: ziwengo zenizeni, pamene mafuta amene banja lonse likudzola mosangalala asankha munthu mmodzi yekha n'kumuzunza.

Zimayamba mwakachetechete. Tizigawo ting'onoting'ono ta m'mafutawo timalowa pakhungu n'kukamatirira ku mapuloteni a thupi, ndipo mwa anthu ena chitetezo cha m'thupi chimalemba chinthu chachilendocho m'kaundula wa adani. Ulendo woyambawu palibe chooneka. Kukafulumira, kuphunzirako kumatenga masiku 10 mpaka 14, koma kwa ambiri kumadzachitika atadzola miyezi kapena zaka popanda dandaulo. Zili ngati galu wa pakhomo amene wakhala akulola mlendo kulowa ndi kutuluka chaka chonse, tsiku lina n'kungomuda. Kuchokera pamenepo fungo lake lokha n'lokwanira. Maselo oyera a m'magazi amene amasunga chidanicho, otchedwa ma T, nawonso sathamanga. Munthu akadzola lero, kuyabwa kumayamba mawa kapena mkuja, mwinanso patapita masiku atatu. Ndipo thupi likada chinthu motere, kawirikawiri limachida mpaka kalekale.

Kuchedwa kumeneku ndiko kumatisocheretsa. Munthu akatuluka zidzolo Lachinayi amafufuza chimene anadya Lachinayi, kapena amene anapatsana naye moni Lachinayi. Botolo limene anatsegula Lolemba silibwera m'maganizo, makamaka ngati mafutawo wakhala akudzola kuyambira chaka chatha.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anavutika nyengo yonse yozizira ndi zidzolo m'mphepete mwa tsitsi, kuseri kwa makutu, m'khosi ndi pazikope. Pakati pamutu panali bwinobwino. M'khosimo khungu linakhuthala n'kuda bii, pena likuchucha timadzi, ndipo usiku ankadzikanda mpaka achimwene kusowa tulo. Azakhali athu anati ndi mwanamphepo. Anzake a ku kwaya anati magazi aipa, asiye nkhumba ndi usipa, ndipo anasiyadi. Panalinso ena amene, motsitsa mawu, anakumbutsa za mkangano wa malire a dimba umene unabuka chaka chimenecho. Mlamuyo ankaseka zikatchulidwa zaufiti, koma ndinaona kuti anasiya kuyanika nsalu zake panja pakakhala palibe munthu pakhomo. Chondiwawa ndikakumbukira n'chakuti pofuna kuziziritsa kuyabwako, ankapaka m'khosi monse mafuta ake a tsitsi, a nimu onunkhira bwino aja, popeza wogulitsa ananena kuti amachizanso nthenda za pakhungu.

Amene anamasula mfundoyi analibe makina alionse. Anali kiliniko ofesa wachikulire, wosapupuluma, amene anayang'ana khosilo nthawi yaitali asanalankhule.

"Mayi, kumutuku mumadzola chiyani?"

"Palibe, adokotala. Mafuta a zitsamba basi."

"Amenewo ndiwo ndikufunsa. Mubwere nawo. Mubweretsenso sopo, mankhwala onse amene mwapaka, ngakhalenso zimene amadzola bambo a kunyumba."

Chimene bamboyo ankawerenga ndi malo amene zidzolozo zinagwira. Khungu la pamutu n'lokhuthala ndipo limapirira zambiri, koma mafuta satsala pamene wawapaka. Amatsika ndi thukuta, amalowa mu duku ndi mu pilo, amatengedwa ndi zala kupita m'maso, n'kukafika pakhungu lopyapyala la zikope, makutu ndi khosi. N'chifukwa chake chodzola cha kumutu chimaonekera m'mbali osati pakati. Mwa njira yomweyo, zidzolo za pansi pa mchombo zimaloza batani la chitsulo la buluku, za pamwamba pa phazi zotsata zingwe ziwiri zimaloza labala wa patapata, za m'zala za dzanja limodzi zimaloza chimene dzanjalo limagwira pantchito. Mwana wa m'manja angatuluke zidzolo patsaya limodzi chifukwa cha mafuta amene mayi ake amadzola pachifuwa. Dokotala wodziwa ntchito amayamba wafunsa mafunso otopetsa: munayamba liti kudzola, botolo ili ndi lomwe lija kapena n'latsopano, mukapita kwa abale sabata imodzi zimachepa kodi, mumagwira ntchito yanji, kudimba mumathira mankhwala anji.

Asanafike pa ziwengo amayeneranso kuchotsa nthenda zina zimene kuno n'zofala kwambiri kuposa ziwengo. Mphere amakonda mipata ya zala ndi m'mikono, amayabwa usiku, ndipo sagwira munthu mmodzi yekha m'nyumba. Chipere chimakhala ndi mkombero wotukuka, pakati pakuoneka ngati pakupola. Mashingozi amagwira mbali imodzi ya thupi ndipo amawawa koposa kuyabwa. Khungu lakuda, losendeka, lozungulira khosi ndi kuseri kwa manja, pamene dzuwa limawomba, lingakhale nthenda ya pellagra, yobwera posowa vitamini wina mwa anthu odalira chimanga chokha. Inavuta kwambiri pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique mu 1989 ndi 1990, ndipo akuluakulu a m'maboma a m'malire ngati lathuli amawakumbukira alendo amenewo. Banga lotuwa losamva kukhudza limafuna kuyezedwa khate, nthenda imene masisitere ndi ansembe a ku Mua, kutsika phiri, analimbana nayo zaka zambiri. Ndipo zidzolo zotuluka thupi lonse munthu atangoyamba Bactrim, ma ARV kapena mankhwala a TB, makamaka ngati pali malungo ndi zilonda m'kamwa kapena m'maso, si zodikira m'mawa. N'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Mlamu wanga anauzidwa kusiya chilichonse chodzola kwa mwezi wathunthu kupatula Vaseline wopanda fungo, kuchapa maduku ndi nsalu ya pilo, ndi kupaka kirimu ya kuchipatala kwa masiku ochepa. Khosi linapola. Kwa iye nkhani inathera pomwepo, ndipo sindimuimba mlandu. Koma kunena zoona chimene chinapezeka ndi botolo, osati wolakwa wake. M'botolomo munali nimu, munali chonunkhiritsa, munali mafuta ena osungunulira, mwinanso mankhwala oti zisavunde. Mwa zonsezi, thupi lake linada chiti? Funsoli si la anthu ophunzira okha. Ngati ndi chonunkhiritsa, adzakumana nacho mawa mu sopo, mu loshoni, m'mafuta a mwana, ndipo adzayambiranso kusala usipa.

Njira yoyankhira funsoli ilipo ndipo ndi yakale. Mu 1895 dokotala wa khungu wotchedwa Josef Jadassohn, amene ankagwira ntchito ku Breslau, mzinda umene lero uli ku Poland ndipo umatchedwa Wrocław, anafotokozera madokotala anzake za wodwala amene khungu lake linkatupa ndi mankhwala opaka a mercury. Anatenga pang'ono pa mankhwalawo, n'kumata pakhungu labwinobwino la munthuyo, ndipo nthendayo inatulukira pomwepo, pakamalo kakang'ono. Nzeru yake ndi yomweyo mpaka lero: kuitana nthenda mwadala, pamalo ochepa, dokotala akuyang'ana. Bruno Bloch wa ku Switzerland anaikulitsa pokonza mndandanda wa zinthu zoyezera aliyense, ndipo m'zaka za m'ma 1970 Veikko Pirilä wa ku Finland anapanga timbale ta aluminiyamu tating'ono kuposa batani la malaya, timene zipatala zambiri zimagwiritsabe ntchito. Kuyezaku madokotala amakutcha patch test.

Mu kambale kalikonse amaikamo kadontho ka chinthu chimodzi, chosungunulidwa pa mlingo woti munthu wopanda ziwengo asamve kanthu. Mndandanda wa ku Ulaya uli ndi zinthu pafupifupi 30: zitsulo monga nickel, mankhwala a mu labala, oteteza zodzola kuti zisavunde, utoto wa tsitsi, zonunkhiritsa zosakaniza, utomoni wa mitengo, ndi zochokera ku zomera za mtundu wa mpendadzuwa. Chondisangalatsa n'chakuti zambiri mwa izi amazisungunula m'mafuta oyera a mtundu wa Vaseline, omwe aja ogulitsa zitsamba amawanyoza kuti ndi a fakitale. Amawasankha chifukwa ndi amodzi mwa mafuta ochepa amene thupi siliwada kawirikawiri. Timbaleto amatimata kumsana ndi pulasitala, n'kukhala maola 48. Munthu asasambe kumsana, asatuluke thukuta lambiri, asakande. Akamatula amalemba malowo ndi cholembera n'kuyang'ana koyamba, kenako wodwala amabweranso tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndipo ena amauzidwa kudzaonekeranso pakatha sabata. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyang'ana kwachiwiriku ndiko kofunika koposa, chifukwa khungu longopsa ndi ukali wa chinthu limayamba kuzizira mukangomatula, pamene ziwengo zenizeni zimapitiriza kukula ngakhale kambale kachoka. Dokotala amalemba chizindikiro chophatikiza chimodzi pakakhala kutupa, ziwiri pakakhala timatuza, zitatu timatuzato tikalumikizana.

Anthu ambiri akamva za kuyeza ziwengo amaganiza za magazi. Kuyeza magazi ndi kubaya tizinthu pamkono kumathandiza pa ziwengo zofulumira, zija zotupitsa milomo ndi kubanikitsa munthu atangodya mtedza kapena atalumidwa ndi njuchi. Za mafuta odzola zochedwazi sizioneka m'magazi. Munthu angalipire ndalama zambiri ku labotale ya m'tauni, n'kubwera ndi pepala loti alibe vuto, khosi likuchuchabe.

Pali chinanso chokhudza ifeyo eni khungu lakuda. Mabuku amene anakhazikitsa kawerengedwe ka patch test analembedwa poyang'ana misana yoyera, ndipo chizindikiro chawo choyamba ndi kufiira. Pamsana wa munthu wa kwathu kuno kwa Kaphuka kufiirako sikuoneka bwino. Malowo amangoderako pang'ono, kapena kutuluka timibulu tating'ono potulukira ubweya. Dokotala wodalira maso okha anganene kuti palibe kanthu. Wozolowera khungu lathu amayendetsa chala pamalopo kuti amve kukhuthala, ndipo amaunika kuchokera m'mbali osati kutsogolo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene sukulu ya madokotala a khungu ya ku Moshi, ku Tanzania, yotsegulidwa mu 1992 pachipatala cha KCMC, ili yofunika kwa ife: makiliniko ofesa a ku Malawi amene anaphunzira kumeneko anaphunzirira pakhungu lofanana ndi la odwala awo.

Nanga mayi wa ku Kasina zimenezi azipeza kuti? Chipatala cha mishoni pano, chimene amayendetsa masisitere a Medical Missionaries of Mary, ndi zipatala zina zazing'ono za m'boma lino, ntchito yawo yaikulu ndi malungo, uchembere, ana osowa zakudya ndi HIV, ndipo n'zomveka. Mankhwala oyezera ziwengo ngodula, amafuna fuliji, amatha mphamvu pakapita nthawi. Vuto la khungu likakula munthu amatumizidwa ku kiliniki ya khungu ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ngakhale zida zitakhalapo, kuyezaku kumafuna maulendo atatu m'sabata imodzi. Werengerani kabaza wokafika pa Linthipe, minibasi, chakudya, ndi dimba losathiriridwa. Kuuza mlimi kuti asatuluke thukuta masiku awiri ndi kumuuza kuti asagwire ntchito.

Ndiye pali kanjira kena kamene madokotala a khungu eni ake amakavomereza, ndipo ndimaona kuti tikanakaphunzitsa m'midzi monga tinaphunzitsira Thanzi ORS. Khungu likapola kaye, munthu amasankha kamalo kamodzi m'kati mwa mkono, pafupi ndi popindira chigongono, kokula ngati ndalama yachitsulo. Amapakapo pang'ono mafuta amene akuwakayikira, m'mawa ndi madzulo, osamangapo kanthu, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Pakatuluka timibulu toyabwa, asiye pomwepo, yankho walipeza. Botolo limodzi pa nthawi imodzi, apo ayi sudziwa lakulakwira. Njirayi ndi ya zinthu zimene zinapangidwa kuti zizikhala pakhungu. Si ya sopo, si ya utomoni, si ya adyo, si ya mafuta a bulugamu osasungunula, ndipo si ya munthu amene anatupapo nkhope kapena kubanika. Kumanga chinthu chosadziwika pakhungu ndi pulasitala kunyumba n'koopsa pawiri: chingakuotche, komanso chingaphunzitse thupi kuda chinthu chimene silinkachida.

Amati tsabola wakale sawawa, koma pa mafuta onunkhira ndi akale amene amaluma. M'makoko a ndimu ndi malalanje muli chinthu chotchedwa limonene, ndipo mu lavenda ndi zomera zina zambiri zonunkhira muli linalool. Zikakhala zatsopano sizivuta anthu ambiri. Zikakumana ndi mpweya, kutentha ndi kuwala zimasanduka zinthu zina zimene thupi limazida msanga. Mafuta a tea tree a ku Australia, amene atsikana a m'tauni amagula kuti achotse ziphuphu, ali ndi khalidwe lomweli. Tsono taganizirani za timabotolo toonekera m'kati, toyalidwa pa thumba padzuwa tsiku lonse la msika, n'kubwezedwa m'chikwama kudikira msika wina, kenako kukakhala pazenera miyezi isanu ndi umodzi chitsekerero chili chosamanga. Munthu akanena kuti mafuta omwewa chaka chatha sankamuvuta, akhoza kukhala akunena zoona: thupi lasintha, kapena mafutawo ndiwo asintha.

Ndimu alinso ndi kachinyengo kake kosakhudzana ndi ziwengo. Madzi ndi makoko ake akakhala pakhungu dzuwa n'kuwombapo, amasiya mikwingwirima yakuda yotsata mmene madziwo anayenderera. Atsikana amene amafinyira ndimu mu gilisalini kuti awale amadzazindikira mochedwa. Utomoni wa mango ndi khoko lake zimatulutsa zidzolo kuzungulira pakamwa mwa anthu ena, ndipo mbale wake wa mango, mtedza wa kashu, umasenda manja a amayi oswa zikamba zake kumpoto kwa Mozambique. Ngakhale paini wa ku Chongoni ali m'nkhaniyi. Utomoni wake ndi umene amapangira zomatira zina, kuphatikizapo za mapulasitala ena a pabala, ndipo uli pa mndandanda wa zoyezera uja. Wocheka matabwa amene nkhope ndi mikono zimamuyabwa ndi utuchi angadzadabwe tsiku lina pulasitala atamusiyira chidindo chofanana ndendende ndi kukula kwake.

Pali mabotolo ena amene vuto lake n'losiyana: amachiza msanga kwambiri. Mu 1999 madokotala a pachipatala cha King's College ku London anayeza makirimu 11 a zitsamba amene odwala awo ankapaka, ndipo mu 8 anapezamo dexamethasone, mankhwala amphamvu a steroid, osalembedwa paliponse. Kirimu yotere imaziziritsa kuyabwa usiku umodzi, munthu n'kuyamika chilengedwe. Akaisiya zidzolo zimabwerera mwaukali, akaipitiriza khungu limapyapyala n'kuchita mitsempha, chipere chimene chinalipo chimafalikira, ndipo ngakhale dokotala atafuna kuyeza, khungu lopakidwa steroid siliyankha. Ndikamva munthu akutama mafuta a zitsamba oti anamuchiza m'maola ochepa, mtima wanga sukhala m'malo.

Wina angaganize kuti ndikunyoza mankhwala a makolo. Ayi. Agogo anga ankayenga okha mafuta a nsatsi: kukazinga njere, kusinja, kuwiritsa m'madzi, n'kumawengula mafuta oyandama pamwamba kuthira mu nsupa. Ankadzoza makanda, anamwali otuluka m'tsimba, ndi mapazi awo ong'ambika. Mafuta a nsatsi nawonso amatha kuyambitsa ziwengo mwa anthu owerengeka, koma m'nsupa ya agogo munali chinthu chimodzi, chodziwika dzina, chochokera pamtengo umene aliyense ankauona kuseri kwa khola. Mwana akatuluka nsungu, wokayikiridwa anali mmodzi, ndipo kusiya kunali kosavuta. Zimene Jessie Williamson analemba m'buku lake la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, ndi zimene Brian Morris anasonkhanitsa za mankhwala a Achewa mu 1996, zikuonetsa anthu odziwa mtengo uliwonse dzina lake, mbali yake yogwiritsa ntchito ndi kuopsa kwake. Kabotolo ka mitengo isanu ndi iwiri sikachokera ku nzeru imeneyo. Kabwereka ulemu wa agogo, koma kataya chinthu chimene chinkateteza agogo, chomwe ndi kudziwa zimene wadzola.

Apa ndi pamene kuyeza konse kumathera mphamvu. Ngakhale mlamu wanga akanapita ku Lilongwe, n'kumatidwa timbale kumsana, n'kuuzidwa kuti mdani wake ndi linalool, akanapita nalo kuti dzinalo? Ku Ulaya lamulo linakakamiza opanga zodzola kulemba pabotolo zonunkhiritsa 26 zodziwika kuti zimayambitsa ziwengo, ndipo mu 2023 anawonjezera mndandandawo kupitirira 80. Wodwala wa kumeneko amalowa m'sitolo ndi kapepala ka dokotala n'kumawerenga kuseri kwa botolo. Kwathu kuno kuseri kwa botolo kuli nambala ya foni ndi mndandanda wa matenda amene mafutawo amachiza, kuyambira mfundu mpaka nyamakazi. Lamulo la 2019 limene linakhazikitsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority linaikanso mankhwala azitsamba m'manja mwa bungweli, ndipo Malawi Bureau of Standards ilipo kuyambira 1972. Ine sindikupempha kuti apolisi akalande timabotolo ta amayi pamsika. Amayiwo akusaka ya sopo ndi ya fizi ngati tonsefe. Ndikupempha chinthu chaching'ono: dzina la chomera chilichonse chimene chalowa, mafuta osungunulira, ngati mwathiridwa perefyumu, ndi tsiku loyenga. Wopanga amene akuopa kuti ena amubera chinsinsi asunge milingo yake, koma mayina atiuze. Asing'anga enieni amene ndinakula ndikuwaona sankakana kutchula mtengo kwa wodwala amene wabwerera atatupa. Ankati "mtengo umenewu sunakuyanjeni," n'kumusinthira. Mawu amenewo ali pafupi kwambiri ndi zimene Jadassohn anapeza kusiyana ndi "mulibe kemikolo".

Nafenso odwala tili ndi mbali yathu. Timabisira dokotala zimene tapaka poopa kukalipiridwa, ndipo madokotala ena amakalipadi, zimene zimangotseka pakamwa pa munthu amene ali ndi yankho m'chikwama. Wopita kuchipatala ndi zidzolo azinyamula mabotolo onse mu jumbo, a kusitolo ndi a kwa asing'anga omwe, n'kuwayala patebulo. Wolandira odwala azifunsa ngati wofuna kudziwa, osati ngati woweruza.

Chotsalira ndi mabanga. Pakhungu lakuda zidzolo zikapola zimasiya kuda kumene kumatenga miyezi kuti kufufutike, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo palibe chofulumizitsa kwenikweni kupatula kusakanda, kupewa dzuwa pamalopo ndi kudikira. Miyezi imeneyo ndiyo yovuta. Mayi amaona khosi lake pagalasi Lamulungu m'mawa, amakoka duku kuti libise makutu, anzake kutchalitchi amafunsa ngati nthenda ija yabwereranso. Ndipo pamsika, pa thumba lomwe lija, pambali pa mafuta a tsitsi, wogulitsa ali ndi kabotolo kena kochotsa mabanga, ka ndimu ndi mitengo ina imene satchula.